Mayi wa M'firiji ndi Dzina Lolakwika

Pa kampani yogawa katundu m'masitolo panali kachipinda kena kumapeto kwa khonde, kopanda zenera, kozizira chaka chonse chifukwa cha makina oziziritsa mpweya. M'menemo munali maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse za kampaniyo: katundu amene ali m'nyumba yosungiramo, sitolo imene yaitanitsa, ndi lole imene inyamule. Madalaivala ankakatcha kachipindako firiji, ndipo mayi amene ankayang'anira makinawo anangosanduka Mayi wa M'firiji. Ankamuseka kuti n'chifukwa chake sakalamba, poti nyama ya m'firiji siwola. Iye ankayankha kuti siwola inde, koma imauma.

Sanayambire m'firijimo. Anabwera pakampanipo ali mtsikana wongotuluka kumene kusukulu ya zotaipa, ndipo anamukhazika pa tebulo la pafupi ndi chitseko kuti azitaipa makalata a mabwana. Mphunzitsi wake wa kusukuluko ankaphimba manja a ophunzira ndi kansalu, wina akasuzumira n'kumugogoda zala ndi rula. Motero zala zake zinaloweza pokhala chilembo chilichonse, moti ankatha kutaipa uku akucheza ndi munthu. Makompyuta atafika, mabwana achikulire anawaopa ngati njoka yolowa m'nyumba, ndipo anati wa zala zofulumira ndiye apite akaphunzire. Anapita, anabwerako, anapitanso. Zaka zitapitapo, tebulo lake linachoka pakhomo paja n'kukalowa m'firiji, ndipo sanabwererenso kunja kofunda.

Pa maseva ake panalibe zithunzi zodina. Panali sikirini yakuda ndi kamzere kophethira, kodikira kuti munthu alembe lamulo. Kumanzere kwa kamzereko kunkaoneka dzina la seva imene munthu walowamo, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Mayiyo ankati ntchito yonse yagona pa dzina limenelo. Seva siifunsa ngati watsimikiza, ndipo siidziwa kuti watopa. Ukaiuza kuti ifufute, imafufuta.

M'firijimo ankagwira ntchito ndi bambo wina wadazi amene ankavala chipewa chaubweya ngakhale kunja kukuwotcha, ndipo aliyense ankangowatchula kuti aChipewa. Iwo anali a mawaya, a madisiki ndi zomangirira. Anali ndi ana ambiri, kuphatikizapo a malemu mchimwene wawo, ndipo ankati kunyumba kwawo munthu akatsokomola amayankha anthu khumi. Anthu awiriwa anakalambira limodzi m'phokoso la mafani oziziritsa makinawo, osakanganapo kupyola pa nkhani ya amene wasiya kapu ya tiyi pafupi ndi makina.

Amuna ake a mayiyu anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anali atakwatiwa kutali. Kwa zaka zambiri, mayiyo akaweruka kuntchito ankapeza singano zitandandalikidwa pa kansalu, zikudikira kuti alowetse ulusi, poti atelalawo ankati maso a nyumbayo ndi iye.

Matenda a shuga anamupeza atapitirira zaka makumi asanu. Anasiya zotsekemera, ankamwa mankhwala, ndipo ankaona ngati nkhani yathera pomwepo. Kenako mizere ya pa sikirini inayamba kupindika pakati ngati waya wa zovala wolemedwa. Timadontho takuda tinayamba kuyandama m'maso, akatembenuka nato n'kutembenuka. Anasintha magalasi, osathandiza. Madzulo ena anatenga singano, n'kulimbana nayo nthawi yaitali, ulusi ukungodutsa pambali. Amuna ake anasiya kupalasa makina n'kumuyang'ana. Anangotenga singanoyo, ndipo m'mawa mwake anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kumuperekeza kuchipatala.

Dokotala wa maso anati timitsempha ta kuseri kwa diso tikuchucha magazi. Anati chithandizo chilipo, koma n'chopita kangapo kuchipatala chachikulu, ndipo munthu amafunika kupuma kuntchito kwa nthawi ndithu. Anawonjezera kuti zimene zawonongeka kale sizibwerera, chongopulumutsa ndi chimene chatsala.

Tsoka lake, nthawi imeneyo kampani inali itangogulidwa ndi ina yaikulu. Eni atsopanowo anatumiza bwana wawo, munthu waulemu koma wa maso owerenga mitu. Wogwira ntchito wachikulire akangodwala kawiri, ankaitanidwa n'kufunsidwa mokoma ngati sakufuna kukapuma. Mayiyo anauza amuna ake kuti apita kuchipatala zosinthazi zikatha, poti akachoka tsopano adzapeza mpando wake uli ndi mwini. Atelala anati zengerezu analinda kwawukwawu. Anati ntchito amalemba wina, koma diso sagula pamsika. Iye anawayankha kuti makina awo osokerawo sangadyetse anthu awiri okalamba, mawu amene anawabaya, ndipo nkhaniyo sanaiyambitsenso mwamphamvu.

Kubisa kunali kosavuta poyamba, chifukwa zala zinkadziwa njira. Akakhala yekha ankakulitsa zilembo mpaka mawu ochepa n'kudzaza sikirini, ndipo akamva chitseko ankazibwezera msanga. AChipewa anazindikira. Sanamufunse. Anangoyamba chizolowezi chatsopano chowerenga mokweza zonse zimene makina alemba, ngati munthu wolankhula yekha. Ankaima kumbuyo kwake n'kumang'ung'udza dzina la seva, kenako uthenga wa vuto, kenako n'kupita kukamanga mawaya awo. Mayiyo anadziwa chimene akuchita, iwonso anadziwa kuti wadziwa, ndipo onse anakhala chete miyezi yambiri.

Pakati pa makina a m'firijimo panali maseva awiri ofanana, ogulidwa tsiku limodzi, amene ankawatcha mapasa. Eni atsopano anati imodzi ndi yokwanira. Zonse zisamutsidwire mu imodzi, inayo ifufutidwe n'kutumizidwa ku likulu lawo. Anali atawapatsanso mayina awo ataliatali a zilembo ndi manambala, osiyana nambala yakumapeto yokha, ndipo timapepala takale tomata pa makinawo anatichotsa poti abweretsa tawo. Sabata imene mayiyo ankasamutsa zinthu, aChipewa kunalibe, anali kuchipatala ndi mwana wodwala. Atabwerera, bwana uja anakonza dongosolo looneka lanzeru. Mayiyo asinthe dzina la seva yopanda ntchitoyo likhale lakuti yofufuta, kuti pasakhale wosokoneza, kenako aChipewa aifufute n'kuiika m'katoni.

M'mawa wa tsikulo aChipewa anaitanidwa ku nyumba yosungira katundu kumene makina osindikiza anali atakana. Bwana analowa m'firiji, manja atapinda chifukwa cha kuzizira, n'kunena kuti aonerera, popeza akufuna kuimbira ku likulu kuti zatheka. Anaima kumbuyo kwa mpando wake, pamalo pamene aChipewa ankaima.

Mayiyo anali atatsegula mawindo awiri pa sikirini, lina la seva iyi, lina la inzake. Zilembo anali atazibwezera kale ku zazing'ono. Anayang'ana pamene panali dzina, n'kungoona kautsi kotuwa. Anapendeketsa mutu kuti aonere m'mbali mwa diso, monga ankachitira, koma nambala yakumapeto sinaoneke. Anakumbukira kuti yopanda ntchitoyo anaitsegula kumanzere. Kapena anali dzulo? Akanatha kukulitsa zilembo. Akanatha kunena kuti bwana, tandiwerengereni apa. Anamva mpweya wa munthuyo pakhosi pake, ndipo zala zake zinayenda zokha, mwaukhondo monga mwa masiku onse: hostnamectl set-hostname yofufuta. Anadina batani.

Seva ikamvera lamulo ngati limenelo siyankha kanthu. Ngakhale dzina la pa mzere silisintha pomwepo mpaka munthu atatuluka mu sevayo n'kulowamonso. Bwana anafunsa ngati basi zatha, iye anati zatha. Anamuyamikira kuti zala zake n'zofulumira kuposa za achinyamata a ku likulu, n'kutuluka akuimba foni. Mayiyo anatseka mawindo onse awiri. Ankafuna kulowanso kuti atsimikize ndi zilembo zazikulu, koma thupi linayamba kunjenjemera, chizindikiro chakuti shuga watsika, ndipo anapita kukadya.

AChipewa anabwerera iye kulibe. Analumikiza sikirini ku mmodzi wa mapasa aja, n'kuona dzina lakuti yofufuta lili poyera. Anachita zimene anauzidwa.

Mayiyo ali pakati pa kudya anamva anthu akuitanizana pabwalo. Makompyuta onse a ku nyumba yosungira katundu anali ataima. Akalaliki sankadziwa kuti lole iti ipite kuti, ndi katundu wanji. Anasiya chakudyacho n'kubwerera ku firiji. AChipewa anali atakhala pa katoni imene inayenera kunyamula seva ija. Anadikira kuti atseke chitseko.

"Inayi ikadali ndi dzina lake, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndalowamo. Mulibe kanthu. Zonse zinali mu imene ndafufuta ija."

Iye anagwira mpando. AChipewa anadzuka n'kuyamba kufunafuna madisiki osungirako makope a zonse za mu seva.

Makopewo analipo, koma chifukwa cha kusamutsa kuja, omaliza anali a masabata angapo m'mbuyo. Zonse zimene zinalowa ndi kutuluka kuyambira pamenepo zinafunika kulembedwanso kuchokera pa mapepala omwazikana m'madirowa ndi m'magalimoto. Kwa masiku angapo malole anangoima mondondozana pabwalo. Mkaka ndi nyama zimene zinali zitapakiridwa kale zinawonongeka, ndipo fungo lake linalowa mpaka m'maofesi. Masitolo akuluakulu anakaitanitsa kwina, ena osabwereranso. Anthu onyamula katundu, amene ankalembedwa patsikupatsiku, ankafika pachipata m'mawa n'kubwezedwa, koma ankangokhalabe m'mbali mwa mpanda poti kunyumba kunalibe chokachita. Mayiyo ankawadutsa m'mawa uliwonse. Nkhope zawo sankaziona, koma ankamva kuti akamadutsa amasiya kulankhula.

Masiku onsewo anthu awiriwa anagwira ntchito monga kale, aChipewa akuwerenga, iye akutaipa. Za dzina lija sanazitchulenso. Kunyumba anauza amuna ake zonse. Atelala anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumufunsa ngati akawauze mabwana yekha. Iye anati akawauza. M'mawa uliwonse ankatuluka atatsimikiza mtima, ndipo madzulo aliwonse ankabwerera asananene.

Makina atayambanso kuyenda, onse awiri anaitanidwa m'chipinda cha misonkhano. Munali bwana uja ndi mayi wina wa ku likulu woona za ogwira ntchito. Bwanayo anati iye anaona ndi maso ake mayiyu akusintha dzina, mosaphonya ngakhale chilembo, choncho funso linali kwa aChipewa. Anafufutiranji seva yolakwika? AChipewa anati anafufuta imene inali ndi dzina lakuti yofufuta. Anawafunsa ngati angasonyeze zimenezo, koma umboni wake unali utafufutika limodzi ndi sevayo. AChipewa anati inzakeyo sinasinthidwe dzina, ndipo wa ku likulu anati mwina analibwezera okha atazindikira kulakwa kwawo. Kenako anatembenukira kwa mayiyo n'kumufunsa ngati pali chimene akufuna kuwonjezera.

Chipindacho chinali chofunda, ndipo iye sanazolowere kufunda. Anaganiza za khonde la kunyumba, za makina osokera okalamba aja, za mankhwala ake. Anati sakukumbukira china chilichonse chachilendo.

Kenako anamva mpando wa aChipewa ukulira, ndi kaphokoso ka chipewa chikuikidwa pa tebulo.

"Mundikhululukire, mayi. Ndili ndi ana." AChipewa anatembenukira kwa bwana. "Amayiwa saona. Papita nthawi. Ine ndiye ndakhala ndikuwawerengera."

Bwana sanakalipe. Anatsegula kompyuta yake ya m'manja, n'kuitembenuzira kwa mayiyo, n'kumupempha mwaulemu kuti awerenge dzina limene lili pa mzere woyamba. Iye anaweramira pafupi. Anapendeketsa mutu uku ndi uku pamaso pa anthu onsewo. Panali kuwala, ndi kautsi kaja pakati pake. Anakhala choncho mpaka wa ku likulu ananena kuti basi, zakwana.

Anachotsedwa ntchito onse awiri. Iye anamulembera kuti wapuma chifukwa cha matenda. AChipewa anawalembera kuti anafufuta osatsimikiza, ndiponso kuti anabisira kampani chinthu chimene ankachidziwa. Tsiku lotenga katundu wawo anakumana pakhonde. Mayiyo anamva mapazi awo, amene ankawadziwa bwino, akuchedwa pang'ono pafupi naye, kenako n'kupitirira.

Kuchipatala chachikulu anapita sabata yotsatira. Dokotala anati diso lakumanja lapita. Lakumanzere analigwirira ntchito, ndipo linatsala loona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu, osati nkhope. Amuna ake sananenepo kuti ndinkanena ine. Iye ankalakalaka akananena, kuti mwina akangane, alire, zithe. Koma iwo ankangomuikira mankhwala m'dzanja, kumusunthira mipando, ndi kumuuza kuti apa pali sitepe. Mwana wawo anabwera, analira, anapempha kuti awatenge, koma nyumba yake inali yaing'ono ndipo apongozi anali momwemo. Anabwerera yekha.

Miyezi yoyamba mayiyo ankangokhala. Ankadzuka nthawi yake yakale, kusamba, kuvala, n'kukhala pa mpando wa pakhonde kumvetsera anthu akupita kuntchito. Kutentha kwa masana kunkamudwalitsa mutu. Pambuyo pake atelala anayamba kumupatsa zovala zofuna kuphwasula misoko. Ntchito imeneyo zala zinaiphunzira msanga, ndipo makasitomala anazolowera kumupeza ali pakona, kalumo kali m'manja, nkhope italoza kumsewu.

Kawiri anatuma amuna ake kwa aChipewa. Ulendo woyamba sanawapeze. Wachiwiri anawapeza, analandiridwa bwino, anapatsidwa mpando, ndipo aChipewa anafunsa za maso a mayiyo n'kunena kuti adzabwera kudzazonda. Sanabwere. Zinkamveka kuti afunsira ntchito m'malo ambiri, koma kulikonse ankaimbira foni ku kampani yakale, ndipo munthu wofufuta seva palibe ankamufuna. Kenako zinamveka kuti akukonza mafoni pa kabenchi pafupi ndi siteshoni ya mabasi, kenako kuti asamukira ku nyumba yaing'ono kunja kwa tauni, ana ena atawagawa kwa achibale. Mayiyo ankati tsiku lina adzapita yekha. Koma akaganiza zoti akanene, sankadziwa kuti ayambe ndi kupepesa kapena kudikira kuti iwo ayambe, ndipo zaka zinadutsa ali pamenepo.

Uthenga wa maliro anabwera nawo dalaivala wina wakale amene anadzasoketsa buluku. Anati aChipewa anagwa pa benchi lawo lija masana, anthu n'kumayesa kuti akutola sikuluwu. Anali kuthamanga kwa magazi.

Anapita ndi amuna ake pa basi, n'kuyenda mtunda wotsalawo iye atawagwira pachigongono. A ku kampani analipo ochepa, madalaivala okalamba ndi mlonda mmodzi. Atelala anamulowetsa m'nyumba mmene munali namfedwa, mkazi wa aChipewa, n'kumugwaditsa pafupi naye, n'kunena kuti awa ndi amene ankagwira ntchito ndi malemu. Mayiyo anatambasula dzanja. Linakhala m'malere kanthawi, kenako analibweza n'kuliika pamwendo.

"Ndikukudziwani," anatero namfedwayo, mosakweza mawu. "Malemuwa sanakunenereni choipa ngakhale tsiku limodzi. Ankati anakupwetekani ndi iwo. Ine ndiye ndinkanena, ndipo sindinasiye."

Azimayi amene anali pafupi anasuntha pa mphasa. Wina anayambitsa nyimbo kuti aphimbe mawuwo. Mayiyo anati wamva, ndipo anakhalabe pomwepo mpaka nyimbo inatha, poti sakanatha kudzuka yekha n'kupeza khomo.

Pobwerera anayenda mpaka pamsewu waukulu. Ali chiimire kudikira basi, anafunsa amuna ake kuti nyumba ija inali yotani. Iwo anati inali nyumba ngati nyumba zina zonse. Iye anawafinya mkono n'kuwauza kuti asamunyengerere ngati mwana.

Atelala anapuma mozama. Anati zipinda zinali ziwiri, denga linali lotsika, ndipo pa zenera lina panali katoni m'malo mwa galasi. Anati ana amene anawaona anali owonda, ndipo wamkulu anavala jekete la bambo ake, manja atawapinda.

Basi inafika yodzaza. Kondakitala anakuwa kuti malo atsala a munthu mmodzi, ndipo iwo anaisiya ipite n'kudikira ina.